Madontho Ofiira a Towela

Lole inalowa chambuyo m'kanjira kopanikiza ka ku Kanyama, ikubuula, ndipo inangotsala pang'ono kugwetsa mpanda wa a Chisala. Felistus anali atagwada pakhonde, akupinda zitenje zomwe amayi a mpingo anagonera masiku onse a maliro. Anadzutsa mutu. Pamsana pa loleyo panali thanki yaikulu, injini yothimbirira ndi mapaipi akuda okulungidwa.

"Bwela! Bwela! Ima apo!" anakuwa Fanwell, mlongo wake wamkulu, akukupiza manja.

Linali Lachisanu m'mawa. Mng'ono wawo Towela anamuika Lachitatu ku manda a ku Chunga. Nkhata za maluwa zisanafote n'komwe, munthu n'kuitanira lole pakhomo? Felistus anamva mutu wake ukutentha.

"Ba Fanwell, ni chani ichi?"

"Ni ba Enos. Babwela kung'amba mwala wa pansi pa boholo. Sunamve dzulo?"

"Ningamvele kuti? Ise tenze mukati, imwe bamuna munakamba vanu pa tenti."

Zinali zoona. Dzulo lake banja linakhala pansi kugawa katundu wa malemu, akazi m'nyumba pamphasa, amuna panja. Amunawo anasankha Fanwell kukhala woyang'anira zonse, ndipo makiyi, laputopu ndi galimoto zinapita m'manja mwake. Galimotoyo anakaitenga madzulo ku Kalingalinga kumene Towela ankakhala, nafika akudandaula kuti yakhala pansi kumbuyo, buti yoikamo katundu nayo ikukana kutseguka. Felistus analandira zovala za kuntchito: jekete yonyezimira ya kumigodi, nsapato zazitsulo zomwe sizinamukwane, ndi tepi yoyezera yachikasu yomwe inali m'thumba la jeketeyo.

Boholo ija anakumbitsa ndi Towela yemweyo zaka zitatu zapitazo, kuti mayi awo, a Magdalene, aleke kukaima pamzere wa madzi. Tsiku lokumba kunali nthungululu. Koma chitsimecho chinali choumira: m'dzinja chinkapatsa, chilimwe chikafika pampu inkangotsokomola mpweya. Komabe thanki ya mayiwo sinkauma. Fanwell amakhala ku Matero, Felistus ku Chawama, ndipo panalibe amene anafunsapo kuti zimatheka bwanji. Tsiku lachiwiri la maliro mpopi unauma gwa. Khamu lonse lija linasowa ndi osamba m'manja omwe, ndipo mayi wina wapakamwa anayankhula Fanwell akumva: "Ati injiniya! Pa nyumba pa amake palibe na dontho."

Mawu amenewo anamulasa Fanwell, ndipo sanamuchoke.

Kunena zoona, Towela sanali injiniya wa madzi. Ntchito yake inali ya miyala. Ankagwira pa kampani ina yolangiza a migodi, ndipo tsiku lonse ankakhala pa kompyuta kuwerengera momwe thanthwe limang'ambikira munthu akalipopera madzi mwamphamvu: mng'alu uyambira pati, ulowera kuti, ukaima pati. A Magdalene, amene anaphunzitsa ana atatu ndi ndalama zoswa miyala m'mbali mwa msewu, ankanyadira kutchalitchi kuti, "Ine ndinkaswa ndi nyundo, mwana wanga amaswa ndi kompyuta." Loweruka lapitalo mwanayo anagwa pakhomo la nyumba yake atavala kale, makiyi a galimoto ali m'manja. Adokotala anati magazi anaundana n'kutseka m'mapapo. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi.

A Enos, bambo wamfupi wa imvi m'ndevu, anatsika m'lole navula chipewa. Anapita kukagwada pafupi ndi mphasa pamene a Magdalene anakhala, mpango wakuda kumutu.

"Pepani, amai. Pepani maningi."

"Zikomo, bambo," anayankha mayiwo motsitsa, osakweza maso.

"Mufuna kuchita chani na boholo yathu?" anafunsa Felistus ataima pambuyo pawo.

"Ni nchito ya maola yabili chabe," anatero a Enos. "Tiseluzila chimpila mu boholo, tichifufumitsa kuti chitseke bwino. Ndiye tipompela manzi pansi pake na mphamvu, mpaka mwala ung'ambike. Ming'alu ikatseguka, manzi ya kutali yapeza njila yobwelela kuno."

"Ming'alu yamene iyo ipita kuti?"

A Enos anaseka pang'ono. "Uko ni kwa mwala, mayi. Ine nikankha chabe."

"Towela anaona kale kwamene ipita," analowerera Fanwell. "Vonse anasiya vokonza. Iwe uganiza nachita vamumutu mwanga? Yembekeza."

Analowa m'nyumba natuluka ndi laputopu. Anaiika pa mpando wa pulasitiki pakhonde, pamthunzi. Mawu otsegulira sanamuvute, chifukwa Towela ankangolemba dzina la mayi ake paliponse. Pofika apa anansi anali atadzaza kale pageti, poti lole ikalowa m'komboni sifuna woitanira anthu. Kutsogolo kunali a Mwango, mayi wa nyumba ya kuseri, atanyamula beseni.

"Bwelani muone, ba Mwango," anatero Fanwell. "Na imwe mulimo."

Pa galasi panali chithunzi chotuwa cha nthaka yodulidwa ngati buledi, miyala yosanjikizana, ndi kamzere koongoka pakati. Pamwamba panalembedwa kuti Kanyama, Amayi. Fanwell anadina. Pansi pa kamzereko panatumphuka kadontho kobiriwira ngati buluu wochapira zovala, kenaka kanayamba kumera mizu. Mizuyo inayenda cham'mbali, ina inaima, ina inakhota n'kuyamba kukwera m'mwamba. Kumtunda, pafupi ndi nthaka, kunali madontho oyera, lililonse ndi dzina lake ndi nambala. Mzu ukafika pa dontho, dontholo linkasanduka lofiira.

"Mwaona? Aya ni manzi," anatero Fanwell. "Aya madontho ni nyumba zamene zizapindula. Ba Mwango aba. Ba Chisala aba. Amake Ketty aba. Anabelengela kale bonse. Chaka chatha ninamuuza kuti tiitane lole, anati akali kuonapo. Imfa yamudula pakati. Ine nizatsiliza, kuti wina asazakambe futi vamene banakamba pa malilo."

Anthu anang'ung'udza mokondwa. Wina anaomba m'manja. Nayenso Felistus misozi inamulengeza, pakuti anali asanaonepo ntchito ya mng'ono wake ndi maso. A Enos ndi mnzawo anali atatsegula kale chivindikiro cha boholo, akukoka pampu kuti chimpira chilowe.

"Bwezelani futi," anatero Felistus.

Fanwell anabwereza. Felistus anawerama, nawerenga manambala. Mwango 14.2. Chisala 17.6. Amake Ketty 21.

Manambala amenewo anawamvapo. M'mwezi wa Juni chaka chatha, kuli chisanu, Towela anamuitanitsa kuchokera ku Chawama Loweruka lina. "Bwela unigwilileko tepi, iwe ndiwe wa vopima." Anazungulira mabwalo onse oyandikana nawo, Towela akutchula manambala mokweza, akulemba m'kabuku, akufunsa eni nyumba kuti dzenje lawo n'lakuya bwanji. Felistus ankagwira nsonga ya tepi ndi dzanja limodzi, linalo atatsina mphuno. Ana ankawatsata akuseka. Atafunsa kuti zonsezi n'zachiyani, Towela anangoti, "Nifuna kuona chabe." Mwana uja anali wotero. Zowawa ankazimeza yekha.

"Ba Fanwell," anatero Felistus pang'onopang'ono, "aya madontho si nyumba. Ni vimbuzi."

Pabwalo wina anaphulika kuseka.

"Wati chani?"

"Ni vimbuzi. Ninagwila tepi neka. Uyu mwala ukang'ambika, ming'alu izafika ku vimbuzi, na vonse vili mmenemo vizaseluka mu manzi. Ndiye chifukwa yafiila."

Nkhope ya Fanwell inada. Kunyozedwa ndi mlendo kumapweteka, koma kutsutsidwa ndi mlongo wako wamng'ono pamaso pa komboni yonse, iwe utasankhidwa dzulo dzuloli, n'kwina.

"Iwe wa mashini yosokela uziba chani pa kompyuta? Ba Enos, pitilizani!"

Injini inalira. Utsi wakuda unakwera pamwamba pa malata, ndipo paipi inayamba kutsetsereka m'boholo, chimpira chili kutsogolo.

"Kompyuta siniziba," anakuwa Felistus kuti amveke. "Koma tepi niiziba."

Anathamangira m'nyumba, nabwera ndi tepi yachikasu ija. Anakoka nsonga yake naiika m'dzanja la mlongo wakeyo asanaganize zokana.

"Gwilani apa, pa mulomo wa boholo. Mwati ni nyumba? Tiyeni tione khomo la ba Mwango."

Anayenda chambuyo, tepi ikulira m'chikwama chake. Anatuluka pa kageti ka kuseri, anthu akumupatukira. Anadutsa mamita khumi ndi anayi ali pakati pa bwalo la a Mwango, pa chingwe choyanikira. Pofika pakhomo anawerama nawerenga.

"Twente-fili!"

Kenaka anakhota, osatula tepi, kulunjika pa kanyumba ka malata kokhala ndi thumba la simenti pakhomo, komwe kanatsamira mpanda. Anagunditsa tepi pa khoma lake.

"Ba Mwango, bwelani mubelenge mweka. Bangakambe ati nanama."

A Mwango anatula beseni. Anawerama, chala chikutsata manambala.

"Fotini," anatero. "Fotini na tumizele tubili."

Panalibenso woseka. A Mwango anaweramuka pang'onopang'ono, nayang'ana Fanwell kudutsa pa kageti. Aliyense pamenepo ankadziwa kuti mayiwa anaika mdzukulu wawo chaka cha kolera, osaloledwa ngakhale kumusambitsa.

"Ba Fanwell," anatero, "ka chitsime kanga kali apa, chabe kuseli kwa chimbuzi. Bana batapamo. Nipapata, chonde."

"Yangokumana chabe nambala," anatero Fanwell, koma nsonga ya tepi sanaitaye.

Felistus anakulunga tepi, nadutsa pabwalo, nakwera pa njerwa n'kuponya chikwamacho kuseri kwa mpanda wa a Chisala. A Chisala eni ake, mkulu wosayankhulayankhula, anachitola nakachigunditsa pa chimbudzi chawo.

"Seventini poyinti sikisi," anatero ali kuseriko. Mawu awo anali ouma.

"Chimpila chafika, ba bosi," anaitana a Enos, dzanja lili pa chitsulo chotsegulira madzi. "Nifufumitse? Masana nili na nchito ina ku komboni ya George."

"Fufumitsani!"

"Ba Fanwell!"

"Kompyuta nayo inganame!" anakalipa Fanwell. "Ni vithunzi chabe ivi. Ndani anangena pansi kukaona?"

"Pamene munati ni nyumba zopindula, yenze kukamba zoona. Manje yayamba kunama?"

"Usaniyankhe so pa banthu, iwe!"

A Enos anasiya chitsulo chija, napukuta manja pa ovolosi. Anapita pakhonde, nawerama pa laputopu, naonera chithunzicho kuyambira poyamba mpaka pothera. Anakanda m'ndevu.

"Ine vamasamu siniziba," anatero. "Koma mwala wa kuno niuziba. Uli pafupi na pamwamba, na mphako zambili. Chamene mwana uyu ajambula chingachitike. Chingalekenso kuchitika. Ni boholo yanu, ba bosi. Mukati nikankhe, nizakankha. Koma nikang'amba siningabwele mawa kuzasoka."

Maso onse anali pa Fanwell. Thukuta linali kutsika m'khosi mwake, kunyowetsa kolala ya shati yakuda yomwe anavala kuyambira Lachitatu. Felistus anamuona bwino tsopano, ndipo mkwiyo wake unasakanikirana ndi chisoni. Munthuyu ndi amene ankabereka Towela kumsana popita naye kumene mayi awo ankaswa miyala. Sanalire kumanda. Kulira kwake kunali lole imeneyi.

"Latsala dontho limozi," anatero Felistus mofatsa. "Lamene liyamba kufiila. Mwaliona?"

Fanwell sanayang'ane pa galasi. Ankalidziwa. Linalembedwa kuti Amayi 9.1, ndipo dzulo anauza amuna pa tenti kuti Towela anaika mayi ake patsogolo pa onse. Felistus anakoka tepi kudutsa pa mbaula zozima ndi mipando yobwereka. Sanapite kukhonde. Anakaima pa chimbudzi chawo chomwe, pakona ya bwalo, ndipo sanawerenge mokweza. Anangokweza tepiyo m'mwamba, chala chachikulu chili pa nambala.

Apo m'pamene a Magdalene anayankhula. Sanakweze mawu, moti a Enos anachita kuchepetsa injini kuti amveke.

"Fanwell, mwana wanga. Mwala wa kuno ndauswa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Susweka pomwe iwe ukufuna. Umatsata msempha wake womwe unali nawo kale. Mlongo wako Towela anatengera ine, anauona msemphawo."

"Nanga sananiuze chifukwa chani?" Mawu a Fanwell anasweka. "Sembe ananiuza chabe! Anati akali kuonapo, akali kuonapo. Manje amai muzamwa chani? Thanki ilibe kanthu. Mufuna muyambe futi kuima pa laini na chigubu, pa msinkhu wanu? Banthu bakambe kuti mwana anafa, boholo nayo inafa?"

"Akanakuuza, bwenzi utauza ine. Ndiye ndikanadziwa kuti mphatso yake ndi dzenje louma. Ankachita manyazi, Towela." Mayiwo anakonza mpango wawo. "Katsegule kumbuyo kwa galimoto."

"Buti siitseguka, amai. Nayesa."

"Umenye ndi chikhatho kumanzere, pamwamba pa nyali. Kenaka ukweze."

Fanwell anawayang'ana. Mayi ake anali asanagwirepo chiwongolero chibadwire. Anaika pansi nsonga ya tepi, napita pa galimoto yomwe inaima pansi pa mtengo wa mapeyala, fumbi la sabata yonse lili pa magalasi. Anamenya kumanzere. Anakweza.

Munali zigubu zisanu ndi chimodzi, zachikasu, zodzaza mpaka pakamwa, zopanikizidwa ndi makatoni kuti zisagwe. Pa chilichonse panalembedwa ndi cholembera chakuda, m'zilembo zopendekera za Towela: Amayi.

"Loweruka lililonse, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa," anatero a Magdalene. "Ankadikira ndipite kukwaya ya amayi. Tsiku lina ndinabwerera msanga, mutu ukundipweteka, ndinamupeza ali pa makwerero, chigubu paphewa, akuthira m'thanki. Ndinabwerera. Ndinakaima kuseri kwa mpanda wa a Chisala mpaka atamaliza. Nditalowa anandifunsa kuti, 'Amai, boholo ikali kuchita bwino?' Ine ndinati, 'Ikuchita bwino kwambiri, mwana wanga.'"

Felistus anakhala pansi pomwe anaimapo, pafumbi, tepi ili pamiyendo, nalira mosabisa. Makiyi aja anali m'manja Loweruka m'mawa. Mwanayo anagwa akubwera kuno.

Fanwell anaima, dzanja lili pa chivindikiro cha buti. Kenaka, osatembenuka, anakweza dzanja linalo nalitsitsa. A Enos anazimitsa injini. Kunayamba kumveka wailesi ya kunyumba yachitatu.

"Chotsani chimpila, ba Enos. Mubweze pampu mwamene yenzelili."

"Zikomo, ba bosi," anatero a Enos, ndipo anayamba kukoka paipi.

A Mwango anatola beseni lawo. Anthu anayamba kumwazikana mmodzimmodzi.

Fanwell anatulutsa chigubu choyamba. Chinamulemera kuposa momwe ankaganizira, ndipo anadzandira nacho mpaka pa nsanja ya thanki. Makwerero ake anali a matabwa, masitepe asanu. Atakweza chigubucho paphewa, m'mphepete mwake munamudya pafupa, ndipo anachitsitsanso akuusa moyo. Pamenepo anaona kansalu kotsekeredwa pakati pa thabwa lachitatu ndi njerwa, pomwe dzanja la munthu wamfupi ngati Towela lingafike. Anakasolola. Kanali kachidutswa ka chitenje chakale cha mayi awo, kopindidwa kanayi, kophwatalala pakati chifukwa cha kulemedwa.

Anakayang'ana, nakaika paphewa pake, nasenza chigubu n'kuyamba kukwera. Posakhalitsa madzi anamveka akugwera m'thanki yopanda kanthu.